Gasi wa m'firiji satha ngati mafuta a galimoto

Maganizo anga lero ali pa mawu amene ambirife timawavomera msanga firiji ikasiya kuziziritsa, akuti gasi watha. Mayi ena oyandikana nawo nyumba, omwe amagulitsa thobwa ndi madzi ozizira, athiritsa gasi katatu chaka chino, ndipo ulendo uliwonse firijiyo imagwira bwino milungu yochepa kenako n'kuyambiranso. Zimandipweteka mtima, chifukwa ndalamazo n'zochokera m'mabotolo a thobwa amene mayiwo amadzukira m'bandakucha.

Gasi wa m'firiji sachepa chifukwa chogwira ntchito. Amangozungulira m'timapaipi totsekeka, kompuresa (kainjini ka kumbuyo kwa firiji) ikumukankha, ndipo amatenga kutentha kwa m'kati n'kukakutaya kunja. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, choncho mmisiri wothira wina asanapeze bowolo n'kuliwotcherera akungotungira madzi m'dengu. Mabowo ambiri timaboola tokha pogoba ayisi ndi mpeni, zomwe n'zoopsanso chifukwa gasi wa R600a, amene ali m'mafiriji ambiri atsopano, amayaka moto.

N'chifukwa chake ndikuti tiziyamba tamvetsera kaliridwe ka firiji tisanaitane munthu. Kulira kwapansipansi kwa kompuresa si vuto, ndipo kubwata kumene kumamveka ngati madzi akuyenda m'paipi ndi gasi yemweyo ali pa ulendo wake. Kaliridwe kamene kanandisowetsa tulo mu Okutobala chaka chatha kanali kena. Kompuresa inkalira kamphindi, kenako n'kumveka kuti tcha, n'kukhala zii, ndipo pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu zinkabwerezanso, nyama ikusungunuka. Mmisiri woyamba ananena za gasi asanawerame n'komwe. Wachiwiri anazimitsa firijiyo pakhoma, nachotsa kachipangizo kokwana m'dzanja kotchedwa relay, kamene kamakhala pambali pa kompuresa n'kumaithandiza kudzuka. Atakagwedeza pafupi ndi khutu langa, kanalira ngati muli timiyala, umboni woti kanapsa. Anaika katsopano ndipo firijiyo ikugwirabe mpaka lero, gasi wake ndi wakale yemwe uja.

Kaliridwe komweko kamamvekanso magetsi akabwera ofooka, osafika pa mavoti 230 amene mafiriji athu amafuna. Magetsi akathima n'kuyakanso, ndi bwino kudikira mphindi zisanu musanayatse firiji, ndipo fridge guard, chipangizo choteteza firiji chimene chimalumikizidwa pa soketi ya magetsi, imakudikirirani yokha ngakhale muli kuntchito. Kwa ine ndalama yogulira chipangizo chimenechi ndi yaphindu kuposa yothiritsa gasi.

Mafiriji osaunjika ayisi ali ndi vuto lawolawo. Mukamva phokoso lokwecha limene limaleka mukangotsegula chitseko, kawirikawiri ndi fani imene ikukhula ayisi. Ngati kumwamba kukuundana bwino koma kumunsi mkaka ukusasa, mwina njira ya mpweya wozizira yatsekeka. Izimitseni tsiku lathunthu zitseko zili zotsegula kuti ayisi asungunuke yekha. Vutolo likabweranso, mmisiri aone chotenthetsa chimene chimasungunula ayisiyo.

Zina n'zapafupi kwambiri. Panikizani pepala ndi chitseko n'kulikoka, ndipo likatuluka mosavuta ndiye kuti labala wa chitseko wafooka, mpweya wotentha ukulowa. Sesani fumbi pa timapaipi takuda ta kumbuyo, siyani mpata pakati pa firiji ndi khoma, ndipo musalowetse mphika wa ndiwo ukadali wotentha. Kumunsi kuzizizira madigiri 3 mpaka 5, kumwamba madigiri 18 pansi pa ziro.

Sindikukana kuti gasi amathawa. Zikatero kompuresa imalira osapumira, ayisi amagwira pakona imodzi yokha, ndipo nthawi zina pa paipi pamaoneka kadontho ka mafuta. Pamenepo muli ndi ufulu wouza mmisiri mwaulemu kuti, "Bambo, tandionetsani kaye pamene pabooka." Mayi a thobwa aja titatsegula limodzi firiji yawo sabata yatha, tinapeza zipsera za mpeni pakhoma la m'kati, ndipo mmisiri amene abwere Loweruka lino tamuuza kale kuti ayambire pamenepo.