Njerwa zootcha pazokha sizitiuza kulimba kwa nyumba

Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, amene anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, alembi a National Statistical Office ankafunsanso za zipangizo zimene anamangira denga, khoma ndi pansi pa nyumba. Kuchokera pa mayankho amenewa nyumba zimagawidwa m'magulu atatu. Nyumba ya khoma la njerwa zootcha, miyala kapena konkire, yofolera ndi malata kapena matailosi, imawerengedwa kuti ndi yokhazikika. Ya zidina kapena yophoma ndi dothi, yofolera ndi udzu, imalowa m'gulu la nyumba zachikhalidwe, pomwe yosakaniza, monga ya zidina koma yamalata, imakhala pakati. Maganizo anga ndi akuti funso la khoma limalekezera panjira, chifukwa limafunsa za njerwa osafunsa chimene chagwirizitsa njerwazo.

Aliyense amene anamangitsapo nyumba kumudzi kapena m'madera ngati Ndirande ndi Mtandire akudziwa kuti simenti ndiyo imatha ndalama. Njerwa munthu amatha kuumba yekha ndi chikombole pachulu chakuseri kwa nyumba, kupanga uvuni ndi kuotcha, koma pofika pomanga mmisiri amauzidwa kuti amangire dothi, ndipo simenti yochepa imene yapezeka imapita ku maziko kapena ku pulasitala wa khoma loyang'ana kumsewu. Khoma lotere likaombedwa ndi mvula zaka zingapo, makamaka ngati denga silinatulukire mokwanira, dothi la m'mizere yam'munsi limakokoloka mpaka munthu kulowetsa chala pakati pa njerwa, ndipo ngodya zimayamba kung'aluka. Nthawi zambiri khomalo limakhalanso lopyapyala, la njerwa imodzi yogoneka m'litali, pofuna kuti njerwa zikwane. Komabe m'kaundula nyumba imeneyi imakhala m'gulu limodzi ndi nyumba ya ku Area 47 yomangidwa ndi simenti kuyambira pansi mpaka pamwamba, bola zonse zikhale ndi malata.

Kumbali ina, nyumba yamdindo kapena ya zidina yomangidwa mwaluso, pamalo okwera, yokhala ndi khonde kuzungulira ndi denga lotchinga bwino makoma, imatha kukhala zaka zambiri osagwa, koma imawerengedwa ngati chizindikiro cha umphawi basi. Sindikunena kuti dothi limaposa simenti. Ndikunena kuti kamangidwe kamalemera mofanana ndi chipangizo, ndipo gulu limene timaikamo nyumba silionetsa zimenezi.

Nkhaniyi si ya akatswiri a ziwerengero okha, chifukwa ziwerengero zimenezi ndi zimene boma ndi mabungwe amagwiritsa ntchito poyeza umphawi ndiponso poganizira madera amene ali pachiopsezo. Zivomezi za ku Karonga mu December 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri, kuphatikizapo zanjerwa zootcha. Namondwe Freddy atafika m'chigawo chakumwera mu March 2023, makoma ambiri anagwa chifukwa chonyowa masiku otsatizana mpaka dothi logwirizitsa njerwa kufewa. Zoonadi, matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche kukakwirira Chilobwe sizikanasiya nyumba ya mtundu uliwonse, koma m'madera amene kunali mvula yokha, kusiyana kwa khoma lomangira simenti ndi lomangira dothi kunali kwakukulu. Wokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi akaona kuti boma lakutilakuti lili ndi nyumba zokhazikika zambiri angaganize kuti anthu ake ndi otetezeka, pamene zambiri mwa nyumbazo zikudikira mvula yamphamvu imodzi.

Palinso vuto la kuona. Khoma likapakidwa pulasitala ndi penti, mlembi sangadziwe chimene chili mkati, ndipo wochita lendi amene wapezeka pakhomo nayenso kawirikawiri sadziwa. Ena amamanga kunja ndi njerwa zootcha, zipinda zamkati ndi zidina. Choncho yankho limangotsatira maonekedwe, ndipo pulasitala amakweza nyumba zambiri kuzipititsa m'gulu limene si lawo.

Chodabwitsa china n'chakuti m'chaka chomwecho cha 2018 padatuluka malamulo a National Construction Industry Council oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza nkhalango, ndi kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zosakaniza simenti zodinda ndi makina. Ndiye kuti kuchuluka kwa njerwa zootcha, kumene kalembera amakuona ngati chitukuko, nthambi ina ya boma imakuona ngati mitengo imene yatha.

Popeza kalembera wathu wakhala akuchitika pafupifupi zaka 10 zilizonse kuyambira mu 1966, wotsatira akuyembekezeka cha mu 2028. Magulu akale asungidwe kuti tithe kufananiza ndi zaka zam'mbuyo, koma pawonjezedwe funso loti khoma anamangira dothi kapena simenti, ndi malo oti mlembi asonyeze ngati waona yekha kapena wangouzidwa. Mu 2018 alembi ankagwiritsa kale ntchito matabuleti, choncho kuwonjezera mafunso awiri amenewa sikungalemetse ntchito kwenikweni.