Zero ya nyenyezi yoyera isachotsedwe mu War Thunder

Loweruka usiku ndinali mu War Thunder, gemu ya nkhondo yosewera pa intaneti, mbali ija ya Simulator komwe ndege ya mdani siikidwa chizindikiro, umayenera kuizindikira wekha ndi maso. Ndinatenga A6M2 ya mu mzere wa America (mndandanda wa ndege za dzikolo mu gemuyi), ndege ya Japan yotchedwa Zero imene anaifafaniza dzuwa lofiira la Japan n'kuipenta nyenyezi yoyera. Ndili kalikiliki kulondola ndege ina pamwamba pa nyanja, ndinangomva phiko lakumanzere likulira kho kho kho, utsi tolo, moto lawi. Wondiombera anali wa timu yanga yomwe, ali pa ndege ya America ya F4F Wildcat. Anaona thupi la Zero ali patali, sanadikire kuona nyenyezi. Sindimuimba mlandu, nanenso ndikanakhala iye ndikanaombera.

Nditanena nkhaniyi pagulu lathu la osewera, anzanga angapo anati vuto ndi ndege zolanda kwa mdani ngati imeneyi. Akuti a Gaijin, kampani yopanga gemuyi, azichotse, Zero ikhale ku Japan, Mustang ikhale ku America, aliyense adye zake. Ena anawonjezera kuti ndegeyi imagulidwa ndi ndalama, choncho ndi njira yoti wathumba lolemera atenge chida cha mdani osachivutikira. Ndawamva, ndipo pa zina akunena zoona. Koma ine ndikukana kuti ichotsedwe, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino.

Zero ya nyenyezi si nthano ya opanga gemu. Pa 4 June 1942, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za Japan zochokera pa sitima yonyamula ndege ya Ryujo zinaukira Dutch Harbor ku zilumba za Aleutian, ku Alaska. Mmodzi mwa oyendetsa anali Tadayoshi Koga, mnyamata wa zaka 19. Chipolopolo chochokera pansi chinadula paipi ya oyilo ya ndege yake, oyilo n'kuyamba kuchucha. Iye ndi anzake awiri analowera ku chilumba cha Akutan, komwe anauzidwiratu kuti wovulala akatere kumeneko, sitima yapansi pa madzi idzamutenga. Koga anaona malo a udzu osalala, natsitsa matayala. Pansi pa udzuwo panali dambo. Matayala anatitimira m'matope, ndege inatembenuka chagada, khosi lake linathyoka. Anzake aja anali ndi lamulo loti ndege yogwa m'dziko la mdani aiwononge, koma sanathe kuiombera poganiza kuti mwina mnzawo akadali moyo m'katimo. Anazungulira n'kubwerera.

Ndegeyo inakhala padambopo mwezi wathunthu ndi masiku angapo, mpaka pa 10 July pomwe anthu a mu ndege ya America ya PBY Catalina anaiona. Asilikali a America atafika anapeza Koga akadali womangidwa malamba pampando wake, mutu uli pansi. Anamuika m'manda pomwepo, ndege anaikoka n'kupita nayo ku San Diego. Anaikonza, naipenta nyenyezi, ndipo pa 20 September Eddie Sanders, woyendetsa ndege wa America, anaiulutsa koyamba. M'masabata ochepa anaiulutsa ka 24.

Zimene Sanders anapeza ndi zomwe ine ndikufuna wosewera aliyense azipeze ndi manja ake. Pa liwiro lochepa Zero inkakhota ngati namzeze, palibe ndege ya America ya nthawi imeneyo ikanapikisana nayo pozungulirana. Koma liwiro likapitirira makilomita pafupifupi 370 pa ola, ndodo yowongolera inkauma gwa, kupendeketsa mapiko kunkafuna mphamvu zambiri. Inkapendekera kumanzere mosavuta kusiyana ndi kumanja. Ndipo woyendetsa akakankha mphuno pansi mwadzidzidzi, injini inkatsamwa chifukwa cha kapangidwe ka kabuleta yake. Uthenga umene unapita kwa oyendetsa ndege ku Pacific unali wosavuta kumva: Zero ikakhala kumbuyo kwako usazungulirane nayo, tsika pansi mwaliwiro, liwiro likakwana pendekera kumanja mwamphamvu, iye sangakutsate.

Ine ndinakhala miyezi yambiri ndikuuluka pa ndege za America, P-40 ndi Wildcat, ndikufa imfa imodzimodzi. Zero ikaoneka, mtima unkandiuza kuti khota, ndinkakhota, ndipo tisanazungulire kawiri inali itakhala kale pamsana panga. Ndinkawerenga malangizo, ndinkaonera makanema pa YouTube, onse akunena kuti usakhote ndi Zero. Mutu unkamva koma manja sankamva. Zinasintha tsiku limene ndinakhala m'kati mwake. Ndinathamangitsa P-40 ina imene inatsika pansi, ine pambuyo, liwiro likukwera. Ndinakoka ndodo kuti ndimutsate pomwe anapendekera, ndege inangochita ngati yagona tulo, ikuyankha pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza mchenga. Wa P-40 uja anangochepa m'maso mwanga mpaka kuzimirira. Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa chomwe wa Zero amaopa. Kuuzidwa ndi kwina, kumva ndodo ikukukanira m'manja ndi kwinanso.

Chinanso chimene umaphunzira m'katimo ndi mantha a moto. Jiro Horikoshi ndi anzake ku Mitsubishi anauzidwa kupanga ndege yothamanga, yokhota kwambiri, yopita kutali zedi, koma injini imene anali nayo, Sakae ya ku Nakajima, inali ya mphamvu zosafika mahatchi 1,000. Njira inali imodzi, kupeputsa ndege. Choncho A6M2 inalibe chitsulo choteteza woyendetsa kumsana, inalibe matanki a mafuta odzitseka okha akabooledwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu gemu zimenezi zimaoneka poyera: zipolopolo zochepa za mfuti za .50 zikangokhudza phiko, wayaka. Wildcat ungaimenye mpaka kutopa, imapitabe kwawo ili zibowo zokhazokha. Mizinga iwiri ya 20 mm ya Zero imaluma, inde, koma uliwonse uli ndi zipolopolo 60 basi. Ukangopanikiza chala mwaphuma zatha, watsala ndi timfuti tiwiri ta 7.7 mm tomwe pa ndege za America timangokanda. Ndiye umaphunzira kuyandikira mpaka ndege ya mdani idzaze galasi, n'kuombera pang'ono, n'kusiya.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali bodza limene limandipweteka ndikamaliona likufalitsidwa. Anthu amakonda kunena kuti ndege ya America ya F6F Hellcat inapangidwa potengera Zero ya ku Akutan. Ayi. Hellcat inauluka koyamba pa 26 June 1942, Zero ya Koga ikadali chagada padambo, munthu wa ku America asanaione. Ngakhale njira ya John Thach, woyendetsa ndege wa America, yoti ndege ziwiri ziziluka njira zawo kuti imodzi iteteze inzake, inagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya ku Midway, Zero ija isanapezeke. Phindu la Zero yolandayo silinali kukopera kapangidwe. Linali kuchotsa mantha ndi kuika chidziwitso m'malo mwake. Oyendetsa amene ankaiona ngati chiwanda anayamba kuiona ngati makina okhala ndi malire. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneko kanali kuona mdani kuchokera pampando wake.

Tsono kwa amene akuti wofuna Zero apite ku mzere wa Japan, ndikuyankha kuti si zofanana. Ku mzere wa Japan umauluka pakati pa ma Zero anzako, onse akukhota, onse akuchedwa mofanana, ndipo kufooka kwa ndege yako kumabisika m'gulu. Ukakhala pa Zero pakati pa ndege za America, kusiyana kumakugunda kumaso. Nkhondo ikayamba anzako onse akusiya m'mbuyo, ufika mochedwa. Iwo amamenya kuchokera kumwamba n'kuthawa, iwe ntchito yako ndi kukakamira mdani pansi, kumuzunguza, kumudyera liwiro mpaka mnzako atsike adzamalize. Umaona ndi maso mmene njira ziwirizi zimagwirizanirana, ndipo ukabwerera pa Corsair kapena Hellcat umadziwa chomwe Zero ya kutsogolo kwako ikufuna kuti uchite.

Pa nkhani ya ndalama ndikuvomera theka. N'zoona imagulidwa, ndipo kwa ife amene bandulo ya intaneti yokha imatilemera, kugulanso ndege si nkhani yaing'ono. Ndikanakonda ikanakhala yoti munthu aipeze pogwira ntchito mu gemu momwemo. Koma kunena kuti wogula Zero wagula chipambano ndi kusaidziwa ndegeyi. Wosadziwa kuiyendetsa amayaka m'mphindi zoyamba. Pa nkhani ya Simulator ndikuvomera kwathunthu kuti pali vuto. Gemu yonse ya kumeneko yagona pa kuzindikira thupi la ndege, ndipo Zero ya nyenyezi imasokoneza zimenezo. Zero ya ku Akutan yeniyeniyo itapentedwa nyenyezi sinamenyenso nkhondo, inkauluka poyesedwa ndi pophunzitsa, mpaka mu February 1945 pomwe ndege ya SB2C Helldiver inaigunda pabwalo n'kuidula ndi pulopela. Ngati akufuna kuiletsa mu Simulator, ine sindidandaula. Koma mu Arcade ndi Realistic, mbali zina ziwiri za gemuyi, ikhale.

Mu mzere womwewo wa America mulinso ndege zina za Japan zolanda, Ki-43 ndi Ki-61. Ki-43 imandikhudza mwapadera, chifukwa ndi ndege ya asilikali a pamtunda a Japan imene inkauluka kwambiri ku Burma, komwe agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenya nkhondo mu 1944. Ndikakhala m'kati mwake ndimaganiza kuti kulira kwa injini yotere mwina kunamvekapo pamwamba pa mitu yawo m'nkhalango za kumeneko.

Ndipo ndikatenga A6M2 ija ndimakumbukira Koga. Anthu ambiri amaiona ngati chikho chimene America inapambana, koma ndegeyo inafika ku San Diego ili yathunthu chifukwa anyamata awiri analephera kuombera mnzawo. Nkhondo imene Japan inkamenya inali yankhanza, ndipo sindikuiyeretsa. Koma amene anafera padambo paja anali wa zaka 19, msinkhu wa ambiri amene timasewera nawo usiku uliwonse.

Dzulo ndinabwerera pa Wildcat. Zero inanditsikira kuchokera kudzuwa n'kukhala kumbuyo kwanga, zipolopolo zake zikudutsa pamwamba pa phiko. Sindinakhote. Ndinakankha mphuno pansi, ndinadikira liwiro likwere, ndinapendekera kumanja, ndipo nditacheuka ndinaiona ili kutali ikulimbana ndi ndodo yake. Ndinakwera pang'onopang'ono, ndinakhala pamwamba pake, ndinadikira kuti iyambe kulondola mnzanga, kenako ndinatsika.