Volley yoyamba si yophera munthu

Koma abale, ena mwa inu padel, masewera onga tenisi a pabwalo lozunguliridwa ndi makoma agalasi ndi waya, mukuiwononga dala. Loweruka madzulo ku Borrowdale, ku Harare, anandiphatikiza ndi achimwene ena, munthu wamkulu bwinobwino, akuti tenisi anayamba ali pasukulu. Akangoseva, liwiro lake ngati akuthamangira kombi yomaliza ya ku Mbare. Osaima ngakhale pang'ono, mpira ukubwera, iwo phaa ndi mphamvu zonse. Mpira wina wakodwa paneti. Wina wawomba galasi lakumbuyo usanagunde pansi, pointi yapita. Gemu yoti tikutsogola 40-15 tinaluza choncho. Ndiye akutembenukira ine, ati "bwanji simukutseka pakati?" Ine? Zoona?

Achimwene, ndi ulemu wonse, volley yoyamba mukaseva, mpira womwe mumaumenya usanadunde pansi uja, si yophera. Ntchito yake ndi kukufikitsani paneti muli bwino, basi.

Taganizani. Bwalo ndi mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi. Seva mumamenyera m'munsi mwa chiuno mpira utadunda pansi, muli kuseri kwa mzere womwe uli mamita pafupifupi 7 kuchokera paneti. Ndiye volley yoyamba imakupezani muli m'njira, simunafike, mpira uli kumapazi kwanu, m'munsi mwa neti, yomwe pakati pake ndi yotalika masentimita 88. Mupha chiyani pamenepo? Muli pansi, mukufuna kumenyera pansi?

Imani kaye pomwe wobwezayo akumenya. Miyendo itambasuke, mawondo apindike, raketi ikhale patsogolo. Mpirawo ukankheni moudula pang'ono, upite kutali, pakati pa anthu awiriwo kuti aziyang'anana, kapena pakona pomwe magalasi akumana, ukhale wotsika. Mukatero sunthani masitepe awiri kutsogolo, neti ndi yanu. Pointi mudzaipha pa mpira wachitatu, wachinayi, ngakhale wachisanu. Palibe akukuthamangitsani. Kuthamanga sikufika.

Kaya ndi tenisi yomwe inakulowererani, kaya ndi mavidiyo a pa YouTube, zanu izo. Koma chiyambire pomwe Enrique Corcuera anamanga bwalo loyamba ku Acapulco mu 1969, masewerawa ali ndi makoma, ndipo khoma limabweza mpira. Mukamenya mwamphamvu, ngakhale ulowe, galasi liubweretsa kwa mdani wanu pamsinkhu wabwino, iye akuponyerani lob, mpira wam'mwamba wodutsa pamutu panu, nonse awiri mubwerere kumbuyo mukupuma wefuwefu. Neti mwaipereka nokha, ulere. Nchifukwa chake ngakhale sevayo simufunika kuithamangitsa. Yodekha, yolunjika kugalasi la m'mbali kapena pakati, imakupatsani nthawi yofika.

Ndikunenanso, mpira woyamba uja ndi woika, si womenya. Mukauphonya simukudzilakwira nokha, mukulakwira mnzanu amene waima paneti kukudikirani. Awa ndi masewera a anthu awiri mbali iliyonse. Amene akufuna kuoneka yekha apite akasewere gofu.

Ndipo poti ndayamba kale, nanga izi zofika mochedwa? Bwalo talipira pa ola, madola enieni a ku America, inu mukutulukira nthawi itadyeka, nsapato zili m'manja, foni ili kukhutu. Pomaliza polipira, "ndikutumizirani pa EcoCash ndikafika kunyumba." Mpaka lero kunyumbako simunafike?