Inu osainira anthu omwe sanabwere, ndakuonani

Ana anga, lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Sabata yatha ndinali pa msonkhano womwe bungwe lina lomwe si laboma linaitanitsa kwathu kuno. Nkhani yake inali ya umunthu, kukhulupirika ndi kuipa kwa ziphuphu. Mphunzitsi asanatsegule n'komwe pakamwa, mnyamata wina kumbuyo wayamba kale kufunsa: "Kodi alawansi ilipo?" Atamva kuti pali ya thiransipoti yokha, iye ndi anzake anakutumula fumbi, ulendo. Otsalafe pepala losainira litatipeza, ndinaona ndi maso angawa mayi wina wa m'komiti ya chitukuko akulemba dzina la mwamuna wake, munthu amene ali ku Joni chaka chachitatu tsopano. Wina anabwereka cholembera cha mtundu wina kuti asaine kawiri. Pa msonkhano wophunzitsa kukhulupirikatu umenewu! Ine manyazi anandigwira mpaka Fanta ija inandiwawa pakhosi.

Ndikakudzudzulani mumati, "Agogo, mbuzi imadya pomwe aimangirira." Ndiye inu mwasanduka mbuzi?

Mwina simudziwa kumene mabungwe otere anachokera. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodzudzula kupanda chilungamo, nthawi imene kutsokomola kokha kunkatha kukufikitsa ku ndende ya Mikuyu. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, PAC, momwe Akhristu ndi Asilamu anakhalira pamodzi kukambirana ndi boma la Kamuzu, mpaka tinaponya voti ya riferendamu pa 14 Juni 1993. Anthu amene aja ankayika moyo wawo pachiswe. Palibe ankayamba wafunsa za envelopu. Pambuyo pake anabwera a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, mu 1999, ndipo a CCJP, nthambi ya mpingo wa Katolika, akhala akuyenda m'maparishi kuphunzitsa za chilungamo ndi mtendere. Ufulu umene mukusonkhanira pansi pa mtengo popanda wokulondalondani ndi womwewo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti inu nomwe ndi amene mumakuwa pa Facebook za Cashgate ya 2013, kutukwana akuba a ku Capital Hill. Kodi iwo aja ankatani? Ankalemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe ndi ntchito imene sinagwiridwe. Inu mukulemba dzina la munthu amene sanabwere. Mwasiyana kukula kwa thumba basi, dzanja ndi lomwelo. Ndipo mwana amene munam'bereka kumbuyo tsiku lija akukula akuona.

Nanunso a mabungwe musaseke, sindinakusiyeni. Munatizoloweza nokha kuti msonkhano ndi envelopu, ndipo ena mwa inu mumasainitsa anthu pepala lomwe malo a ndalama mwasiya osalemba. Mukakafika ku ofesi mumadzazapo chiyani? Wopereka thandizo akadzatulukira, satseka bungwe lanu lokha, amatseka ndi mjigo womwe mudzi unkayembekezera.

Mafumu ndi akuluakulu ampingo, ifenso tinaweramitsa mitu tsiku lija ngati sitikuona. Ineyo ndinalakwa pokhala chete.

Ndamva kuti mwezi wamawa a bungwe lija abweranso. Ndikakhala pafupi ndi pepala losainira, magalasi ali m'maso, ndipo dzina lililonse ndikaliwerenga mokweza kuti mwini wake aimirire timuone.