Chenjezo kwa achinyamata olota thupi lotulutsa magetsi

Ana anga, pa intaneti pakufala nkhani yoti tsiku lina munthu azidzabayidwa jakisoni wosintha chibadwa chake n'kuyamba kutulutsa magetsi ngati nsomba, ndipo ndakhumudwa kuona ena mwa inu mukufunsana kumene mankhwala oterewa angagulidwe kuti muzitchaja foni ndi chala magetsi akazima. Lekani chibwana chimenecho.

Nsomba zoterezi zilipodi. Asodzi a ku Chigwa cha Shire amaidziwa nyesi, imene imachititsa dzanzi mkono wa woigwira mosasamala, ndipo m'mitsinje ya Amazon ku South America muli ina yaitali ngati njoka, yomwe akatswiri adalengeza mu 2019 kuti imatulutsa mphamvu yofika ma volt 860. Chimene okukopaniwo sakuuzani n'chakuti pafupifupi magawo anayi mwa asanu a thupi la nsomba ya ku Amazonyo ndi ziwalo za magetsi zokhazokha, maselo zikwizikwi ondondozana ngati mabatire m'tochi, pomwe mtima ndi matumbo ake zidapanikizana kufupi ndi mutu. Nanga inu mapapo ndi chiwindi mudzazisamutsira kuti? Komanso mtima wa munthu umagunda potsatira timagetsi take tating'onoting'ono, kotero kuti magetsi ochepa chabe odutsa pachifuwa amatha kuusokoneza mpaka kuima.

Kusintha DNA, yomwe imasunga chibadwa cha munthu, si kupaka mafuta pakhungu. Mu 1999 ku Pennsylvania m'dziko la America, mnyamata wa zaka 18, Jesse Gelsinger, adamwalira patangopita masiku anayi atabayidwa mankhwala osintha chibadwa, chonsecho anali m'manja mwa madokotala odziwa ntchito, m'chipatala chokhala ndi zipangizo zonse. Ku China, wasayansi He Jiankui adasintha chibadwa cha ana amapasa omwe adabadwa mu 2018, ndipo khoti lidamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu. Ngati anthu ophunzira chotere adapunthwa pa zinthu zing'onozing'ono kuposa zimene mukulotazi, inu mukudalira chiyani pofuna kudzibaya nokha kuchipinda, mutangoonera kanema wa mphindi zisanu?

Sindikuletsani kuphunzira sayansi. Ndimakondwa mwana akamafunsa mmene nyesi imapangira magetsi ake. Koma jakisoni wosandutsa munthu kukhala batire kulibe, ndipo aliyense wokugulitsani kabotolo ka mtundu umenewo akungofuna ndalama zanu. Ngati pali wina wadzibaya kale chinthu chogula pa intaneti, apite kuchipatala lero lomwe, atatenga kabotoloko kuti madokotala akaone chimene chidalowa m'magazi mwake.