Tsikirani kuno kuchigwa

Nkhani yanuyi ya achinyamata odzipereka omwe akuphunzitsa anthu kulemba pa Wikipedia ya Chichewa, nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti, yandisangalatsa, koma kadandaulo kalipo. Maphunziro oterewa ife a kuno timangowamvera patali, ngati ng'oma ya mudzi wina.

Ndine mphunzitsi kuno ku Nsanje. Tsiku lina mwana wa Fomu 3 anandifunsa za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi. Nditatsegula foni, zomwe ndinapeza zinali za Chingerezi zokhazokha, mwanayo n'kungoti kukamwa yasa. Chonsecho agogo ake nkhaniyi angaikambe mpaka dzuwa kulowa. Vuto n'lakuti Wikipedia imafuna umboni wa m'mabuku, ndiye za pakamwa tizilowetsa bwanji? Apa achinyamata inu mutithandize nzeru.

Zolemba zilipo zambiri: dambo la Elephant Marsh lomwe linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, nyika zomwe amayi amakazula m'madzi nthawi ya njala, namondwe Freddy wa 2023 monga tinamuonera ifeyo eni ake. Chisenanso musachiiwale.

Mukamabwera mukumbukire bandulo ndi sola, magetsi kuno ngosadalirika. Chipinda chophunzirira ndikapempha ndine.