Bob ameneyu ndi malume a ndani?

Abale anga, mundilole ndidandaule za Chingerezi cha kuno ku England. Tisanakwere ndege anatilembetsa mayeso a chiyankhulo, ndalama n'kupita zambirimbiri, ati aone ngati timamva. Tinakhoza. Koma zimene amayankhula pantchito yosamalira okalambayi sizija za pamayeso ayi.

Abwana akamaliza kukuonetsa kagwiritsidwe ka makina onyamulira agogo pabedi, amangoti "Bob's your uncle", ati Bob ndi malume ako, kutanthauza kuti basi, zatheka. Ukafunsa kuti Bob ameneyu ndani, aliyense amangoyang'ana mnzake. Amene amadziyesa wodziwa amati ndi Robert Cecil (Bob ndi chidule cha Robert), nduna yaikulu ya Britain imene mu 1887 inapatsa mwana wa mlongo wake, Arthur Balfour, udindo woyang'anira Ireland. Nkhani yokoma ndithu, ya kukondera pachibale. Koma mawuwa anayamba kupezeka polembedwa m'ma 1920. Zaka zoposa 30 zonsezo ankabisala kuti?

Za imfa ndiye zoopsa. Munthu wamwalira, achibale ali m'njira, wina kukhitchini akunong'ona kuti "kicked the bucket", ati wamenya chidebe theche. Francis Grose anawalemba kale mawuwa mu dikishonale yake ya 1785, koma mpaka lero akukanganabe: ena akuti ndi chidebe chimene wodzimangirira amapondapo, ena akuti ndi mtengo wopachikapo nkhumba pozipha.

Imene imandipsetsa mtima kwambiri ndi ya "raining cats and dogs" ija, mvula ya amphaka ndi agalu, kutanthauza chimvula champhamvu. Aphunzitsi athu kusekondale ankatiloweza ndi chikwapu, chonsecho kuno amainena ndi agogo okhaokha. Mlembi Jonathan Swift anaigwiritsa ntchito mu 1738. Mnzanga wina anandifotokozera ndi nkhope yotsimikiza kuti kale ziweto zinkagona m'madenga audzu, mvula ikagwa n'kumaterereka. Akuuza ine zimenezo! Ndakulira m'nyumba yaudzu, ndafolerapo ndi manja angawa, galu pamwamba pa denga sindinamuonepo.

Iwo kusadziwa si mlandu, amangoseka n'kupitiriza tiyi. Koma iwe ungozizira pang'ono usanamve mwambi wawo, mawa lake waitanidwa ku ofesi, ati pali vuto la kamvedwe. Ndipo Malawi mulibe pamndandanda wa mayiko amene anthu ake sayesedwa Chingerezi, ngakhale kwathu ndicho chiyankhulo cha boma, cha m'khoti ndi cha ku Nyumba ya Malamulo. Mng'ono wanga akufuna kubwera, ndalama za mayeso akewo zikudikira ine.